Mafunde Atatu a Amalume a Mukhova

Amalume anga a Mukhova tinawaika m'manda Lachitatu lapitali kuno kwathu kumunsi kwa Phalombe, komwe minda ya chimanga imathera ndipo dambo la nyanja ya Chilwa limayambira. Anthu anabwera ambiri, koma ndisaname, si onse anabwera ndi chisoni. Ena anadzangotsimikiza kuti munthu uja ankawasowetsa mtendere ndi nkhani ya madzi wakhaladi chete. Mlaliki atawatchula kuti anali munthu wofatsa, ine ndinayang'ana pansi, poti kunama pamaliro kumaloledwa koma osati kufika pamenepo.

Mmodzi yekha mwa abale sanagwetse msozi. Ameneyu ndi Linesi, mwana wa malemu achemwali anga a Esnati. Linesi analeredwa ndi amalumewo kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma sanachite kupatsidwa. Anakamutenga okha, iye ndi kamlongo kake, mayi awo ali moyo, akulira pakhomo. Wofuna kuwaweruza amalume pa nkhani imeneyi ayambe wamva za gudumu la njinga.

Ntchito yawo inali ya matelefoni ku Limbe. Anakhala zaka zambiri akukwera mitengo ya mawaya, ndipo imvi zitayamba kale kutuluka anawatumiza kumaphunziro, poti kunkabwera makina atsopano osandutsa mawu a munthu kukhala manambala. Anabwerako ngati munthu wochokera ku msonkhano wa chitsitsimutso. Atapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, sanabwere ndi chigayo kapena golosale monga anzawo. Anabwera ndi njinga, mapepala a timabokosi ojambulapo, ndi uthenga umodzi woti chilichonse chobwerezabwereza padziko pano ndi funde.

Ukalakwitsa n'kuwafunsa kuti akutanthauza chiyani, tsiku lako latha. Ankagadamitsa njinga pabwalo, kumanga kansalu kofiira pa gudumu lakutsogolo, n'kulizunguza pang'onopang'ono. Ankati usayang'ane kuzungulirako, uyang'ane kukwera ndi kutsika kwa kansaluko basi. Kakafika pamwamba kamakhala ngati kakuzengereza, pakati kamathamanga, pansi kazengerezanso. Kenaka ankatenga kamtengo n'kumayenda chammbali akujambula pansi kukwera ndi kutsika komweko, mzere wokhotakhota mosalala wopanda ngodya. Limenelo ankati ndi funde la sayini, mayi wa mafunde onse. Mawu a munthu, kulira kwa ng'oma, phokoso la chigayo, zonsezi ankati ndi mafunde a sayini ambirimbiri ophatikizana, ena othamanga ena ochedwa, ndipo wodziwa masamu angathe kuwalekanitsa monga mayi asankhira nyemba zosakanikira.

Pa funde lililonse ankafunsa mafunso atatu: limakwera mpaka pati, limatenga nthawi yotani kuti libwerere pomwe linayambira, ndipo pakali pano lili pati paulendo wake. Mafunsowa ankafunsa pa chilichonse. Malungo a mwana ankawafunsa choncho. Ukali wa akazi awo, azakhali athu, ankaufunsanso choncho, ndipo ankati umatenga masiku anayi, zomwe azakhaliwo atamva anawaonetsa kuti ungathenso kutenga mwezi. Zipani zitayamba ndipo andale akubwera ndi nsalu ndi malonjezo, amalume ankaima kumbuyo kwa msonkhano, chipewa chili m'manja, n'kumauza woyandikana naye kuti munthu akakwera mofulumira chonchi, funso ndi loti adzatsika liti.

Koma chimene ankachikonda koposa, chomwenso chinadzatipweteka, chinali masewera otsinzina. Ankasonkhanitsa azibambo a pabawo, kuwauza kuti atseke maso, aziphenya pokhapokha iwo akaomba m'manja n'kutsekanso msanga. Gudumu likuzungulira, iwo ankaomba kamodzi nthawi iliyonse kansalu kakafika pansi. Akafunsa zomwe aona, azibambo aja ankalumbira kuti kansalu kangoima pansi osasuntha. Kenaka ankaomba mofulumirirako pang'ono, kansalu kasanamalize ulendo, ndipo anthu omwewo ankati gudumu likubwerera m'mbuyo. Amalume ankaseka mpaka kutsokomola. Ankati palibe wanama, maso awo aona zoona, koma ayang'ana mosakwanira. Lamulo lake ndi loti funde uziliyang'ana koposa kawiri paulendo wake umodzi, apo ayi likunamiza iwe osadziwa. Ankati n'chifukwa chake makina a telefoni amayeza mawu a munthu ka 8,000 pa sekondi imodzi, poti mawu amanjenjemera mofulumira. Ambiri ankangoti akuluwa ntchito ya m'tauni inawasokoneza mutu.

Nyanja ndiyo inali funde lawo lenileni. Ankati Chilwa ali ndi mafunde atatu okwerana. Loyamba ndi la tsiku: masana mphepo ya mpoto ikauka imakankhira madzi kutsidya lathu lino lakumwera, ikaleka madziwo amabwerera. Lachiwiri ndi la chaka, kudzadza m'dzinja ndi kuphwa m'chilimwe, lomwe ngakhale mwana amalidziwa. Lachitatu ndi lalitali, lotenga zaka zambiri, lomwe limaumitsa nyanja yonse n'kudzaibwezanso. Lililonse palokha ankati si loopsa. Choopsa ndi tsiku lomwe atatu onsewo afika pamwamba nthawi imodzi, chifukwa mafunde akakumana sapatukirana, amaphatikizana. Wina akawayankha ndi mwambi woti madzi saiwala khwawa, iwo ankapsa mtima, ati mwambiwo ndi wolondola koma ndi waulesi, chifukwa sutchula tsiku.

Tsikulo analitchula iwowo, ndipo analakwitsa. Nyanja itauma patangopita nthawi pang'ono chichitikire chisankho choyamba cha zipani zambiri, mabwato atagona pa nthaka yong'ambika, anthu anayamba kutsikira m'katimo ndi makasu. Amalume anaima pakhomo la tchalitchi Lamulungu lina n'kulengeza kuti aliyense wodzala m'menemo adzakolola matope, poti madzi abwera ndi mvula yoyamba. Mvula inagwa yochepa, madzi sanabwere, ndipo anthu anakolola chimanga chachikulu ngati mkono, chopanda ndi feteleza yemwe. Kuyambira pamenepo dzina lawo linasanduka a Sayini, ndipo ana ankawajambulira mizere yokhotakhota panjira. Madzulo ena amalume anandiuza mosabisa kuti anaphwanya lamulo lawo lomwe. Kuuma kwa nyanja anali atakuona kawiri kokha pamoyo wawo, ali mnyamata ndi nthawi imeneyo, ndipo ndi madontho awiri sungajambule funde. Kunyada ndi komwe kunawalankhulitsa. Anavomera kwa ine, koma kumudzi kunali kutachedwa, palibe ankawamveranso.

Apa ndi pomwe alamu anga a Dyson, amuna a achemwali a Esnati, akulowera. Anali ochokera kwa Chiwalo, ndipo anali atakhala pa chikamwini kwathu zaka zisanu ndi zinayi. Ndiwanenere zabwino, chifukwa ambiri sanatero: anali munthu wa khasu, wosamwa, wokonda ana ake. Koma munda womwe ankalima unali wa mbumba yathu, ndipo mwini mbumba anali amalume. Tangoganizani munthu wamkulu wa ana awiri akuuzidwa chaka ndi chaka kuti mizere yake yapindika, ndi munthu woti moyo wake wonse anagwira waya osati khasu. Ine ndikanakhala iwo ndikanathawa chaka chachitatu. Tsono nyanja itauma, a Dyson anaona chinthu chomwe mkamwini aliyense amalota, nthaka yopanda mwini mbumba. Kumeneko palibe akanawauza kuti pano si panu.

Anabwera mwaulemu kudzapempha kuti atenge akazi awo ndi ana akamange kumeneko. Amalume anakana. Anabweranso ndi ankhoswe, amalume anakananso, mpaka kugadamitsa njinga pamaso pa ankhoswewo. Ulendo wachitatu a Dyson sanapemphe. Anangoti ino ndi demokalase, mawu omwe masiku amenewo ankatsegula khomo lililonse, n'kusenza katundu. Achemwali anatsatira amuna awo, ndipo sanachite kukokedwa. Anamanga nyumba yamatope yofolera njedza, udzu wautali wa m'dambo, mtunda wa theka la ola kuchokera pa gombe lakale, pamodzi ndi mabanja ena angapo. Chaka choyamba anadzadza nkhokwe. Achemwali ananenepa, ndipo ndinali ndisanawaonepo akuseka chomwecho.

Dzinja lotsatira mvula inabwera yeniyeni. Madzi anayamba kuoneka kutali pakati pa nyanja, kamzere konyezimira, ndipo anthu anakondwa poti tsopano akanatha kuwokera mpunga m'mbali mwake. Amalume anameza ukali wawo n'kupita ndi nsungwi yodula mizere, kukapempha a Dyson kuti aizike m'mphepete mwa madzi aziwerenga tsiku ndi tsiku. A Dyson anavomera, mwina pofuna mtendere, ndipo anachitadi mokhulupirika. Ankalemba manambala kumapeto kwa kope la Linesi. Patatha mwezi anabwera nalo okha kumtunda, ali ndi nkhope ya munthu wopambana mlandu. Madzi ankakwera chala chimodzi pa sabata. Pa liwiro limenelo akanakolola mpunga, kuupuntha, n'kuudya, madzi asanafike pakhomo.

Ndinalipo tsiku limenelo. Amalume anayang'ana manambalawo nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti amawerenga nthawi yanji. A Dyson anati m'mamawa, asanayambe ntchito. Amalume anafunsa ngati ndi masiku onse. A Dyson anayankha monyadira kuti sanaphonyepo, dzuwa likangotuluka iwo ali pansungwi, ndipo masana amakhala ali kumunda wa chimanga kumbuyo kwa nyumba. Alamu anga, ndi khama lawo lonse, ankaphenya kamodzi pa ulendo uliwonse wa funde la tsiku, ndipo nthawi zonse kansalu kali pansi.

M'mawa mwake nkhalamba ija inatenga kampando, ambulera ndi wotchi, n'kukakhala pansungwi kuyambira dzuwa likutuluka mpaka kulowa. Ola lililonse ankawerenga n'kuika dontho papepala. M'mawa madzi anali bata, m'kakolo. Dzuwa litafika paliwombo mpoto unayamba, poyamba ngati kamphepo kotonthoza, kenaka kolimba. Pofika 3 koloko madzi anali atadutsa m'mawondo, kampando katamira, iwo ataima chilili pepala lili m'kamwa. Pansi pa Chilwa m'posalala ngati bwalo lopunthira, choncho madzi akakwera dzanja limodzi amayenda mtunda wautali mwakachetechete. Anayang'ana kumbuyo n'kuona kuti njira yomwe anadzera yasanduka nyanja. Madzulo mphepo itagona madzi anayamba kubwerera. Atalumikiza madontho aja, funde linatuluka losalala ngati lomwe ankajambula pabwalo, ndipo nsonga yake inali itatsala pang'ono kufanana ndi chiundo cha nyumba ya achemwali.

Anapita molunjika kunyumbako, matope ali mpaka m'ntchafu. Zomwe zinanenedwa ndinazimva kwa achemwali eniake.

"Bambo a Linesi, samukani sabata ino. Funde la tsiku ndi ili. La chaka likukwera, mvula sinathe. Lalitali lija latembenuka kale. Atatuwa akakumana, pano padzadutsa bwato."

"Amalume, chaka chatha munanenanso."

"Chaka chatha ndinali ndi madontho awiri, ndinalakwa. Lero ndili nawo khumi ndi atatu, ndawatola ndi miyendo yangayi."

"Mpunga tawokera theka. Ndikausiya ndibwerere kumtunda, ndikakhalenso wolima mizere yopindika? Tipatseni miyezi iwiri."

Amalume anati miyezi iwiri si yawo yoti angapereke. Atawona kuti a Dyson sasuntha, anachita chinthu chomwe mwambo umalola koma anthu a masiku ano sachitanso. Analankhula m'Chilomwe, monga ankachitira mtima ukawapsa, kuti mwamuna ndi mkazi wake ndi akuluakulu, afe imfa yomwe asankha, koma anawa ndi a mbumba yawo ndipo sagona m'nyanja. Anagwira Linesi dzanja, kamnyamata n'kukanyamula paphewa. A Dyson sanawatchinge, poti mkamwini salimbana ndi mwini mbumba pa ana. Achemwali ndi amene anawatsatira mpaka kumapeto kwa munda akulira.

"Amalume, mukawatenga anawa, ine masana ndizibwerera kunyumba kudzaphikira ndani?"

Amalume sanacheuke. Anaganiza kuti ndi kulira kwa mayi basi, ndipo ankayembekeza kuti pakatha masiku awiri mayiyo atsatira ana ake kumtunda, mwamuna n'kutsatira mkazi. Masamu awo anali amenewo. Koma achemwali anali a mtundu womwewo wa amalume, ouma mutu. Anatumiza uthenga woti abwera mpunga ukatha kuwokera, ndipo kuti zithe msanga anasiya kupuma masana. Kale dzuwa likafika pamutu ankasiya ntchito n'kubwerera kukaphikira ana. Tsopano ankanyamula chinangwa chophika m'kambale n'kukhala kumunda wakutali, kupitirira pansungwi paja, mpaka madzulo. Madzi a masana ankawaona ndithu, koma ankafika m'mawondo n'kubwerera, ndipo wowokera mpunga saopa madzi a m'mawondo.

Patatha masabata atatu, mvula inagwa kuphiri masiku atatu osalekeza. Kuno kunali dzuwa, koma mitsinje inatsika yodzadza, yofiira. Tsiku lachinayi mpoto unayamba msanga, usanakwane 12 koloko, ndipo unali wamphamvu kuposa masiku onse. A Dyson anali atapita pa njinga ku Phalombe kukagula mankhwala a mbewu. Amalume atamva mphepoyo pa malata anatuluka osavala nsapato, kuthamangira kugombe, akufuula mayina. Anthu omwe anali m'nyumba zawo anatuluka onse, akuyenda m'madzi a m'chiuno, ana ali pamutu. Palibe wa panyumba anafa. Achemwali akanakhala pakhomo akuphika, bwenzi lero ali nafe. Anali kumunda wakutali, komwe thope limagwira mwendo osaubweza. Asodzi anawapeza patatha masiku awiri m'njedza.

Ndinkayembekeza kuti tsiku lina amalume adzanena kuti ndinanena ine. Sananenepo. A Dyson anabwerera kwawo kwa Chiwalo maliro atatha, osatsanzika, ndipo sindiwaimba mlandu. Njinga sinagadamitsidwenso pabwalo. Ana aja amalume anawalera ndi chisamaliro choopsa, chowerenga chilichonse, nthawi yochoka ndi nthawi yofika. Linesi ankakhoza masamu kuposa anyamata onse a m'kalasi mwake, koma sanawatchulepo agogo. Ankawatchula a Mukhova, ngati mlendo, ndipo iwo ankayankha. Kamodzi kokha, atadwala chifuwa, amalume anandiuza kuti mafunde atatu anawawerenga bwino, koma panali lachinayi, la mayi wobwerera kunyumba masana, ndipo limenelo analiyang'ana kamodzi n'kuganiza kuti alidziwa. Ine ndinawakonda amalume anga, ndipo ndinawakwiyira zaka zonsezi. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo sindinapeze njira yoti chimodzi chifafanize chinzake.

Zaka khumi ndi ziwiri zotsalazo anazithera pansi pa mtengo wa mthethe womwe uli pomwe njira imatsikira kudambo. Dzuwa likangopendeka ankakhala pamenepo, ndipo aliyense wotsika ndi khasu kapena mtolo wa mbande ankamuimitsa n'kumufunsa kuti akupita pati ndipo abwera nthawi yanji. Ena ankawatukwana, ena ankazemba kudzera m'bango. Koma ambiri ankabwerera, osati chifukwa chokhulupirira sayini, koma chifukwa kulimbana ndi a Mukhova kunali kotopetsa kuposa kulima.

Dzulo masana ndinapita pamtengopo. Pansi pake m'posalala, udzu sunamerebe pomwe ankaponda. Chaka chino nyanja yabwereranso m'mbuyo kuposa zaka zapitazi, ndipo thope lakuda lomwe yasiya ladzala kale zikhomo zomangidwa timapepala tapulasitiki, aliyense kusonyeza munda wake, mpaka kutali komwe maso amathera. Ndili chiimire, Linesi anatulukira panjira, khasu lili paphewa, khanda lake lili kumbuyo. Mwamuna wake nayenso ndi mkamwini, ndipo mwini mbumba tsopano ndine. Linesi anaima pang'ono n'kuyang'ana pansi pa mtengo paja, kenaka n'kundiyang'ana ine, ngati akudikira kuti ndimufunse. Ndinachita mantha. Ndilibe pepala, ndilibe dontho ngakhale limodzi, ndipo ndinaona ndi maso anga zomwe kuletsa munthu kumabala. Anandipatsa moni, ine n'kuyankha, iye n'kutsika. Masamba a mthethe anali atayamba kale kugwedezeka kuchokera kumpoto.